Polishi wa Pakhonde pa Motoka ya Apongozi

Makina anga opolishira motoka ndinafika nawo ku Kanakantapa atakulungidwa m'thumba la ufa. Malo otsukira motoka amene ndinkagwirako ntchito ku Lusaka anali atatsekedwa, ndiye ine, mkazi wanga ndi ana athu awiri tinakafikira kwa makolo ake. Munthu wamkulu, ndevu zanga zonsezi, kukhala pachikamwini! Zinkandiwawa, sindinama ayi.

Apongozi aamuna ndi munthu wa chimanga ndi tomato. Kwa iwo ntchito ndi imene imadetsa mapazi, zina zonse ndi masewera. Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, anauza mkazi wanga ine ndili pomwepo: "Uwauze atate ake a ana kuti mvula ili pafupi. Chija chili m'thumba chigulitsidwe, tigule fetereza. Wogula namupeza kale, abwera pa Mande."

Mutu unanditentha. Makinawo ndiwo okha amene anatsala osonyeza kuti inenso ndili ndi ntchito ya manja anga. Akapita, ndiye kuti ndasanduka waganyu wa pamunda wa apongozi mpaka imvi. Ndinagwada patali pang'ono n'kupempha chinthu chimodzi, kuti andipatse pikiapu yawo masiku atatu. Loweruka linalo kunali ukwati wa mlamu wanga, mng'ono wake wa mkazi wanga, kutchalitchi ku Kasisi, ndipo pikiapuyo ndiyo inali yoti inyamule mkwatibwi.

Iwo anaseka. "Ija? Olo mvula yaikana ija. Chabwino, tengani. Ikawala tizakambanso. Ikapanda kuwala, pa Mande makina apita."

Pikiapuyo poyamba inali yofiira. Dzuwa la zaka zambiri ndi sopo waufa wochapira zovala zinaisulutsa mpaka inatuwa ngati mwana wosadzola. Ukapititsa chala pa boneti, chinkachoka ndi ufa ngati wagwira choko. Anthu amati penti yotereyi yafa, koma ine ndinkadziwa kuti chafa ndi kakhungu kapamwamba chabe. Pansi pake kufiira kulipo, kungofuna munthu wodziwa kukwecha.

Kwathuko kulibe magetsi, choncho Lachitatu m'mamawa ndinatenga ngolo kukabwereka jenereta kwa mnzanga wina wa kumadimba. Ndinabwerako masana. Nditangolowa pabwalo ndinaima chilili. Pikiapu inali psuu, yonyezimira mafuta, ndipo fungo lake ndinalidziwa ndisanafike pafupi. Pambali pa tayala panali chitini chopanda kanthu cha polishi wofiira, uja amayi amapaka pansi ndi pakhonde kuti simenti iwale. Apongozi aakazi anali kulowa kukhitchini, manja ali ofiira mpaka m'zigongono.

Mkazi wanga anandinong'oneza: "Amayi anafuna kukuthandizani. Akuti khonde lawo ndiye liwala kupambana onse kuno, nanga motoka ingawakanike? Ayamba mutangochoka."

Mayo ine! Polishi wa pansi ndi phula lokhalokha. Pa penti yosuluka amalowa ngati mafuta pa nsalu. Ndili chiimire choncho, kamvuluvulu anadutsa pabwalo, ndipo fumbi, mankhusu a chimanga ndi nthenga za nkhuku zonse zinakakamira pamotoka. Chifukwa cha ukali ndinachita chopusa. Ndinaliza jenereta n'kuika makina pachitseko osatsuka. Siponji inadzaza phula nthawi yomweyo, n'kuyamba kupaka matope ofiira mizeremizere.

Apongozi aamuna anatulukira nthawi imeneyo kuchokera kudimba. Anazungulira motoka kamodzi, manja kumbuyo.

"Ndiyo nchito ya ku tauni iyi? Mwana wanga akakwere ichi ndi diresi yoyera?"

Mawu anafika pakamwa, koma anabwerera. Kwa ife ochokera kuchigawo cha kum'mawa, mkamwini sayang'anizana ndi apongozi aakazi. Mukakumana panjira, wina amapatuka. Zaka zisanu ndi ziwiri ndili pabanja, ine ndi iwo tinali tisanalankhulanepo kuposa moni wa patali. Ndiye ine ndiloze chala mayi amene anabereka mkazi wanga, pamaso pa amuna awo, kuti ndi amene aipitsa motoka? Mayi amene wagwada padzuwa kuyambira m'mawa pofuna kundithandiza? Ndinangoti, "Nizakonza, atate." Anagwedeza mutu n'kulowa m'nyumba.

Mkazi wanga anafuna kukanena zoona. Ndinamuletsa. Anati ndili ndi liuma ngati bulu, ine ndinati inde, nanga anakwatiwa nane osaona? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo womva m'mimba ndinali ine.

Masana onsewo anathera kuchotsa phula. Ndinakankhira motoka pansi pa mtengo wa mango kuti ikhale pamthunzi. Ndinapukuta ndi parafini pang'onopang'ono, kenako madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale, kenako madzi okha, n'kubwerezanso. Migolo iwiri ya madzi inatha, ndipo yonse ndinakatunga ndekha kuchitsime. Malaya anga awiri akale ndinawang'amba kukhala zisanza. Pofika madzulo motoka inali itabwerera mwakale, yotuwa mbuu, ndipo tsiku limodzi mwa atatu linali litapita pachabe.

Lachinayi ndinayamba kusanatenthe. Ntchito imeneyi sifuna munthu waphuma, ndipo ine ndine waphuma kuyambira kubadwa. Pamakina pokhapa ndi pamene ndimadekha. M'mbali monse mopindika ndinamata tepi, chifukwa pamsana pa chitsulo penti imakhala yopyapyala, ukangochedwapo pang'ono wabowola. Ndinadontheza kompaundi, lomwe ndi phala loyera lokwechera, madontho anayi pa siponji. Ndinasankha kachigawo kakang'ono pa boneti, kokula ngati mpango wa kumutu, n'kuyendetsa makina pang'onopang'ono, chopingasa kenako chotsika, osaima malo amodzi. Nthawi ndi nthawi ndinkagwira chitsulo ndi kunja kwa dzanja kuti ndimve ngati chatentha.

Nditapukuta ndi nsalu, kachigawo kaja kanali kofiira ngati tomato wakupsa, ndipo masamba a mango ankaonekamo. Ndinakuwa ndekha, "Ndi imeneyo!" Nkhuku zokha ndi zimene zinandimva.

Koma pikiapu si mpango. Siponji inkadzaza penti yakufa msangamsanga, ine n'kumaipala ndi mswachi wakale. Jenereta inazima kawiri. Mikono inkanjenjemera moti kapu ya madzi ndinkaigwira ndi manja awiri. Masana ndinapeza mbale ya mbatata ndi maheu zili pa mpando pafupi ndi mtengo. Mkazi wanga anati si iye anaika. Lachisanu zinabweranso, ndipo nthawi iyi panali ndi dzira.

Tsiku lachitatulo ndinamaliza denga ndi zitseko, ndinabwereza motoka yonse ndi siponji yofewa ndi polishi wosalala, kenako ndinapaka phula lenileni la motoka n'kupukuta ndi manja. Achibale obwera kuukwati anali atayamba kufika. Azakhali ena a mkazi wanga anaima pachitseko cha motoka n'kukonza duku lawo, akudziyang'anira pa penti. Amuna ankafunsana ngati yapentedwanso. Ine ndinkangodikira mwini motoka.

Apongozi aamuna anabwera pomaliza. Anapititsa chala pa boneti n'kuchiyang'ana. Chinali choyera. Kenako analankhula anthu onse akumva.

"Yawala, sinikana. Koma munthu amene ayamba waononga ndiye akonze, ungamupase motoka ya mwini wake? Nanga ya Lachitatu ija ikachitika kwa mlendo? Tizagulitsa mbuzi kulipira milandu. Makina apite."

Ndinamva ngati andithira madzi ozizira. Masiku atatu, msana wonse uwu! Mkazi wanga anandiyang'ana, maso akundiuza kuti lankhulani. Ndinayang'ana pansi. Ndinali nditasankha kale, ndipo kubweza pamaso pa alendo kukanakhala kuchititsa manyazi apongozi aakazi kawiri.

Mawu anachokera pakhonde.

"Polishi ija napaka ndine."

Anali apongozi aakazi, chipande chili m'manja. Anatsika masitepe n'kuima kutsogolo kwa amuna awo.

"Napaka ndine, ya pakhonde, chitini chonse. Aba anapeza naononga kale. Mwawanyoza masiku atatu, sananitchule olo kamodzi. Imwe mukanakhala chete?"

Azakhali aja anayamba kuseka, kenako ena onse, mpaka wina anakhala pansi akupukuta misozi. Apongozi aakazi sanaseke. Anayenda molunjika kubwera pamene ndinaima, ine n'kusowa kothawira, poti kumbuyo kwanga kunali motoka. Anawerama, ananyamula makina anga ali ndi siponji yake yofiira, anakulunga chingwe bwinobwino, n'kundiyang'ana m'maso koyamba chikwatirire mwana wawo.

"Atate, izi nizasunga ndine. Wofuna kugulitsa abwere anipemphe."

Analowa nawo kuchipinda kwawo n'kuwatsekera m'bokosi lachitsulo limene amasungiramo yunifomu yawo ya kutchalitchi. Kiyi wake amakhala pamfundo ya chitenje chawo, ndipo pamudzi ponse palibe amene analimbapo mtima kulitsegula, ngakhale mwini nyumba.

Wogula uja anabweradi pa Mande. Anamwa tiyi, anayang'ana pikiapu nthawi yaitali, n'kufunsa ngati ndingaichite chimodzimodzi minibasi yake. M'mawa mwake nditatuluka ndinapeza makina ali pakhonde, atakulungidwa m'chitenje chochapa. Madzulo, nditaweruka pa minibasi ija, ndinawabweza pomwepo, ndipo apongozi aakazi anawatenga kukawatsekeranso m'bokosi.