Kalata ya m'thumba la jekete

Ndinachoka ku Milonde chifukwa cha Esinati, osati njala. Tsiku lina ndinakumana naye panjira ya kumtsinje, ndinatsegula pakamwa kuti ndimufunsire, koma mawu amene anatuluka anali akuti, "Nkhuku zanu zili bwanji?" Kwawo kunalibe nkhuku. Sabata yomweyo ndinasiya kuthyola tiyi ku esiteti, n'kukwera sitima pa Luchenza, ulendo wa ku Beira. Ndinkati munthu akavala jekete lilime limamasuka.

Ntchito ndinaipeza yosesa m'nyumba ya kanema. Pamipando sankatilola ife, ndiye ndinkaonerera kuseri kwa chinsalu, tsache lili m'manja. Azungu onse a ku Falansa amalemba ndi dzanja lamanzere. Ena amati n'chifukwa ndinkaonera kumbuyo, koma ine ndinaona ndi maso angawa.

Kunabwera filimu ya Chifalansa imene inakhala milungu itatu. Munali mtsikana wosita zovala, wokonda kabwana kena ka ndevu zonga za mlamba. Akakumana nako ankachita chibwibwi. Chifalansa sindimva, koma ndikulumbira ankafunsa za nkhuku. Kenako ankalemba kakalata n'kuika m'thumba la jekete limene wasita, kabwanako osapisamo dzanja. Azungu ankaseka mpaka mipando kulira. Ine misozi inkangoti mbwembwembwe, moti ndinkakolopera yomweyo, simenti n'kumawala.

Patarawu, ndiye kuti bwana pa Chipwitikizi, mwini nyumbayo, anandipeza. "Iwe Nyasa, ukulira chiyani?"

"Mtsikanayo ndine, patarawu."

Anandiyang'ana, anayang'ana chinsalu, nandiuza kuti ndikapume tsiku limodzi.

Mapeto a filimuyo sindinawaonepo, chifukwa ikamatha ndinkathamanga kukatsegula zitseko. Ndiye ndinati ndiwapeze ndekha. Ndinagula jekete lakale, ndinalembera Esinati kalata ya masamba anayi, ndinaibisa m'thumba lam'kati, n'kutumiza kwa a Muhiwa, malume ake a Esinati, amene mawu a ukwati ankadzera kwa iwo. Yankho linabwera la mzere umodzi: "Jekete lafika, likuthina m'khwapa." Zaka ziwiri ndinakhala ndi mzere umenewo. Lamlungu ndinkapita kudoko kukauwerengera nkhanu, poti munthu womva Chilomwe kunalibe pafupi. Ndinkadziwa kuti mtsikana ngati Esinati sakhalitsa pa amake.

Nditabwerera ndinapeza a Muhiwa atavala jekete lija, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Akuti chifikireni analivula tsiku limodzi lokha, limene Esinati analilanda kuti akachape.

Esinatiyo anatuluka m'nyumba. "Mwabwera, a Nkhuku?"

Anamasula kansalu n'kutulutsa chipepala chouma gwa ngati chigumu cha dzana. "Ndinachipeza nditachapa kale. Inki yonse inapita ndi mtsinje. Aphunzitsi anangopezapo dzina langa ndi mawu akuti 'ngati'."

Zimene ine ndinkabisa ku Beira, kuno mudzi wonse unali utazimaliza kale. Azimayi ankaimba kalata yanga pothyola tiyi, aliyense ndi mawu ake. Amuna awiri amene anabwera kudzafunsira, a Muhiwa anawabweza akusisita thumba, amvekere muno muli kale munthu.

"Za anthu sindikuzifuna," anatero Esinati. "Ngati chiyani? Nenani ndi pakamwa panu."

Ndinatsegula pakamwa. Nthawi yomweyo nkhuku inadutsa pabwalo, yoyamba m'mbiri ya banja lawo.

"Ndinagula dala kuti mukhale ndi poyambira," anatero. "Ili bwino. Pitirizani."