Wakuba Belu wa a Lameki

Ku Mkanda, m'zaka za m'ma 2000, mwana aliyense ankawadziwa a Lameki. Mkati mwa sabata ankakonza njinga, koma Loweruka masana ankagwira maikolofoni m'nyumba ya vidiyo ya a Enoki, n'kumayankhulira tianthu tojambula ta m'katuni ina, ya ana atatu ofufuza amene anaba belu la pasukulu pawo. Chingerezi ankangochimvera patali. Mawu a galu, a mphunzitsi, a ana onse, ankangopeka okha, ndipo ankatha, tisawanamizire.

Tepi yake inali yoduka kumapeto. Ikafika pamenepo, a Lameki ankangolengeza kuti wakuba ndi bambo wina wachipewa wa m'katunimo, ana n'kuwomba m'manja. Anatero zaka zisanu mpaka anakhulupirira okha.

Kenako kunabwera Consolata, mphwake wa a Enoki, wokulira ku Chipata, atanyamula tepi yatsopano, yosaduka, ya katuni yomweyo. Anayesa kuyankhulira kamodzi kokha, ana anagwa nazo nseko. A Enoki anapereka maikolofoni kwa mtsikanayo, a Lameki n'kuwaika pakhomo kuti azilowetsa anthu.

Koma nsanje inawagwira bambowa, abale! Ankauza aliyense wobwera ndi njinga yophwa kuti mawu a Consolata ndi opyapyala ngati a udzudzu, ndiponso kuti chiyankhulo chake n'cha ku Zambia. Ana akaseka m'katimo, iwo pakhomo mtima unkachita kuwawa. Sanasuzumiremo ngakhale kamodzi.

Loweruka lina, kutabwera ana ambiri amene anali asanaionepo katuniyo, anaganiza zomuonongera Consolata. Mwana aliyense polowa ankamunong'oneza kuti asavutike n'kudikira, wakuba ndi wachipewa uja. Ankati chinsinsi chikaululika, anawo atopa, a Enoki awabwezera malo awo.

Kanema atatha, ana anatuluka akukankhana, onse maso pa iwo.

"A Lameki, bodza! Wachipewa uja ndi wapolisi. Ndiye anathandiza kugwira wakubayo."

A Lameki anaseka mokakamiza, kenako anafunsa motsitsa mawu kuti nanga anaba ndani. Anawo anakana kuwauza. Anati Consolata anawalangiza kuti kuulula mapeto n'kupanda khalidwe.

Sabata yonse funsolo linawasowetsa mtendere. Kufunsa a Enoki kunali kochititsa manyazi, kufunsa Consolata ndiye ayi ndithu. Loweruka lotsatira, atalowetsa mwana womaliza, anatseka chitseko ali mkati, nakhala kumapeto kwa benchi. Kamtsikana kena kanawasunthira pang'ono, n'kuwauza kuti akhale chete, Consolata wayamba.