Anakulitsa kabwalo kanga, anthu akuswa miyala pansi pa thanthwe

Shopu yosindikiza mapepala ya pamsika wathu, panjira ya ku Kachulu, yasintha chojambula changa osandifunsa. Chifukwa cha zimenezo, amuna a mpingo wathu akuswa miyala pansi pa thanthwe limene lingathe kuwagwera. Amene mumandidziwa mukudziwa kuti sindilemba za anthu pano. Ndinayamba ndapemphera, ndinadikira kuti mtima utsike. Sunatsike.

Tikumanga maziko a tchalitchi chatsopano, ndipo miyala tikuitenga pakaphiri kakuseri. Ndisanapume pantchito ndinali woyeza miyala, choncho komiti inandipempha kuti ndione ngati malowo ali bwino. Ndinakwera ndi kampasi yanga, ndinayeza mmene mng'alu uliwonse wapendekera, n'kulowetsa manambalawo mu pulogalamu ya palaputopu.

Pulogalamuyo imajambula sitiriyoneti. Ndi bwalo lalikulu, ndipo mng'alu uliwonse umaoneka ngati kadontho. Pakati pake ndimajambulapo kabwalo kakang'ono. Kukula kwa kabwaloko sikongolota ayi, kumachokera ku mmene mwalawo umagwirira unzake. Wa kwathu kuno ndinaika madigiri 30. Kadontho kakakhala mkati, mwala wagona bwino. Kakakhala kunja, mng'alu waimirira kwambiri ndipo mwala ungatsetsereke. A komiti ndinawaphunzitsa zimenezi ndisanayambe n'komwe kuyeza, mpaka analoweza: mkati bwino, kunja ngozi.

Timadontho ta mbali ya kum'mawa tinatulukira kunja.

Lachinayi ndinapalasa njinga kupita kushopuko kuti andisindikizire. Magetsi anali atathima. Mwini shopu anati ndisiye laputopu ili yotsegula, asindikiza akayaka. Ndinamukhulupirira. Ndi yemweyu anasindikiza mapulogalamu a maliro a mkazi wanga. Pachithunzi anamuyeretsa nkhope mpaka achibale anafunsa kuti ameneyu ndani, koma ndinati pamaliro sipokanganirana. Madzulo anandipatsa envelopu yomatamata bwino. Ndinaisiya kunyumba kwa atcheya a komiti, ndipo m'mawa mwake ndinapita ku Zomba kukadwazika mlongo wanga.

Ndikubwera Lolemba, ndikumva nyundo paphiri. Atcheya anandichingamira akumwetulira.

“Achikulire, mwagwira ntchito! Timadontho tonse tili mkati, monga munatiphunzitsira. Anthu tawasamutsira kum'mawa kuja, miyala yake ikusweka ngati chinangwa.”

Ndinapempha pepalalo. Kabwalo kanga katupa, kameza timadontho tonse. Pambali palembedwa madigiri 55. Pansi pali dzina langa.

Sindinalowe n'kunyumba komwe. Ndinabwerera kushopu ndi fumbi la ulendo, ndinaika pepala patebulo, ndinafunsa mwaulemu kuti wachita izi ndani.

“Madala, musakwiye,” anatero mwini shopu, maso ali pafoni. “Timadontho tina tinali titamwazikira panja, zimaoneka ngati ntchito ya mwana wa sukulu. Ndinangokulitsako kabwaloko kuti zonse zilowe.”

“Munakulitsako?”

“Ee. Mukadina pamenepo pamabwera kabokosi, ndinangosintha nambala. Enatu timawalipiritsa dizayini, inu ndakupangirani ulere.”

Ulere! Kodi thanthwelo analiuzanso kuti tsopano lakongola, lisagwe? Ndikanabweretsa chithunzi cha kuchipatala cha fupa lothyoka, akanaliwongola kuti dokotala asaone zonyansa?

Ndinamufotokozera pang'onopang'ono kuti pansi pa timadontho timeneto pali anthu amoyo. Mayi akunyumba kwake, amene amakhala pakauntala, anaseka.

“Bambo, miyala imeneyo yakhalapo chilengedwere. Igwe lero chifukwa cha kabwalo?”

Ndinawauza kuti chilengedwere panalibe amene ankaikumba kunsi ndi nyundo. Ndinatulutsa laputopu m'chikwama changa cha ulendo. Ndinabwezera nambala yanga, ndinaimirira pamsana pa mwini shopu mpaka pepala lolondola linatuluka. Kenako ndinamupempha chinthu chimodzi chokha: apite nane kwa atcheya akanene yekha zimene anachita. Anati iye amangosindikiza zomwe kasitomala wabweretsa. Nditamukumbutsa kuti wangovomera kumene, anati ali ndi makadi a ukwati, ndibwere tsiku lina.

Tsopano onani pamene wandisiya. Atcheya agwira mapepala awiri, lina dzanja ili, lina dzanja ilo.

“Onsewa ali ndi dzina lanu, achikulire. Titsate liti?”

Sindikuwaimba mlandu. Iwo anachita zomwe ndinawaphunzitsa. Akuti nkhaniyi idikire komiti ikumane Lachitatu la sabata ya mawa, ndipo pakadali pano ntchito ipitirire, chifukwa amisiri akudikira miyala. Ena ayamba kunong'ona kuti madala akalamba, asokoneza okha manambala ndiye akunamizira shopu. Zimenezo ndingazipirire. Chimene sindingapirire n'chakuti mitambo yayamba kusonkhana kuphiri la Zomba. Mvula yoyamba ikalowa m'ming'alu ija, mwala umaterera kuposa mmene ndinawerengera pouma. Sindikunena kuti thanthwelo ligwa mawa. Sindine Mulungu. Ndikunena kuti sindingalole mwana wa munthu kukhala pansi pake atagwira pepala la dzina langa.

Bambo a shopu, ndikudziwa kuti muwerenga, popeza foni simuisiya. Sindikufuna kupepesa kwa pakauntala. Bwerani mudzaime pamaso pa komiti, mudzanene ndi pakamwa panu kuti 55 uja munalemba ndinu. Anakupemphani ndani?

Nonse amene mumapita ndi mapepala a ntchito kumashopu oterewa, musamachoke pamakina, ndipo muzitsegula envelopu musanatuluke. Amene muli ndi mwamuna kapena mwana paphiri paja, musadikire komiti, muuzeni lero kuti asapite kum'mawa.

Ine mawa m'mawa ndikunyamula mpando wanga, ndikakhala pansi pa thanthwelo. Wofuna kuswa mwala pamenepo ayambe wandinyamula.