Tsiku Limene Ndinagwira Wakuba M'golosale

Ntchito ya ku loji itandithera chifukwa chokhuthulira mzungu supu pamiyendo, alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga, anandimvera chisoni. Anali ndi kagolosale ku Kakumbi, koma nthawi zambiri ankakhala paulendo wokaoda katundu ku Chipata. Anati ine ndizigulitsa.

"Koma alamu, mukhale tcheru," anatero. "Sopo ndi mabatire zikungosowa muno."

Mawu amenewo anandikweza mapewa. Tsiku lomwelo ndinamangirira belu la njinga pachitseko kuti wolowa aliyense azimveka. Ndinalemba pakatoni kuti madengu onse azitsala panja. Kenako ndinakapempha kwa makaniko wa ku Chinzombo kagalasi ka m'mbali ka galimoto yoonetsa alendo nyama, ndinakakhomera pakona yoyang'ana shelefu ya sopo. Ndikakhala kuseri kwa kauntala, ndinkaona shelefu yonse osatembenuka.

Anthu sanakondwe nazo. Amayi ena anandifunsa ngati nawonso mwana wa kumsana azitsala panja. Ine ndinkangoti akuba ndiwo amadana ndi chilungamo. Kunena zoona, kagalasi kaja ntchito yake yaikulu inali yoti ndizionerapo tsitsi langa.

Masana ena a mu Okutobala, kukutentha koti ngakhale nkhuku zinali kukamwa yasa, ndinawerama kuti ndiyeze mchere. Belu silinalire, chifukwa ndinali nditatsegula chitseko ndekha kuti kamphepo kalowe. Nditadzutsa mutu, ndinaona m'galasi dzanja likutenga sopo n'kulowa naye m'chitenje. Nkhope sindinaione, galasilo linali laling'ono.

Ndinalumpha kauntala, mchere mbwee pansi, ndinagwira dzanja lija zolimba.

"Wakuba! Lero wagwidwa!"

Mwini dzanja anatembenuka pang'onopang'ono. Anali apongozi anga, amayi ake a mkazi wanga ndi a mwini golosaleyo.

Kwathu mkamwini akakumana ndi apongozi ake panjira amapatukira kutchire. Zaka zitatu za ukwati ndinali ndisanawayang'anepo m'maso. Lero ndinali nditawagwira pamkono, ndipo dzanja langa linakana kumasuka. Pakhomo anthu anali atadzaza kale, ena atanyamula ndodo.

Apongozi sanandilankhule ine. Anayang'ana amayi ena amene anaima pakhomo.

"Auzeni bambo awa kuti mwana wanga anati ndizitenga sopo ndikafuna. Auzeninso kuti mkono wangawu ndikufuna ndipite nawo."

Ndinamasula. Ndinagwada pamchere uja n'kuyamba kuwomba m'manja, koma mawu amene anatuluka pakamwa panga anali akuti, "Mwaswera bwanji, amayi?"

Chiseko chimene chinabuka pamenepo ndimachimvabe mpaka pano. Apongozi anakonza chitenje chawo, anatuluka ndi sopo wawo osacheuka.

Pofika kunyumba madzulo, nkhani inali itandidutsa kale. Mkazi wanga anandiikira madzi osamba. Nditatuluka kubafa anandifunsa ngati nayenso ndimuseche m'chitenje. M'mawa mwake ndinagwira tambala wathu yekhayo, ndinapempha amalume anga kuti akandipepesere. Ine ndinatsala patali pansi pa mtengo wa masau, ngati mbuzi yodwala. Apongozi analandira tambalayo, nati mlandu watha, koma anaonjeza kuti mkamwini wawo ali ndi mphamvu zambiri, ndiye abwere adzawathandize kupirikitsa njovu kumunda dzinja likafika.

Alamu atabwera ku Chipata anaseka mpaka misozi. Anavomera kuti anaiwala kundiuza za amayi awo. Anaiwalanso kundiuza kuti mabatire ankatenga ndi akazi awo, kukaika m'wailesi ya kunyumba.

Chodabwitsa n'chakuti kuyambira pamenepo ngakhale switi imodzi sinasowenso. Mbiri inafika mpaka ku Lupande kuti wogulitsa wa ku Kakumbi sasiya ngakhale apongozi ake. Anthu ankalowa manja ali m'mwamba, ena moseka, ena ayi.

Dzinja litafika ndinapitadi kumunda kuja. Ndinakhala miyezi iwiri pachilindo ndikumenya chigubu, ndipo chakudya apongozi ankanditumizira chochuluka kuposa cha ana awo.