Tsiku Limene Ndinagwira Mphuno pa Mjigo

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene amayi aang'ono a Rozina, mng'ono wawo wa amayi anga, anabwerako kuchipatala opanda mwana kumsana. Matenda a uchembere anawayamba m'dzinja, msewu wakwathu kuseri kwa Kasina uli matope okhaokha. Anavutika masiku awiri m'nyumba, mwana atapingasa, azimayi akungowauza kuti alimbe mtima. Pamene ngolo inkawafikitsa pamsewu wa galimoto tsiku lachitatu, mwanayo anali atafera m'mimba.

Iwo anapulumuka, koma mkodzo unkangotuluka wokha osaleka. Amuna awo anapirira mwezi umodzi, kenako anati akukaona makolo kwawo, ulendo wake womwewo. Amayi aang'ono kutchalitchi anasiya kupita. Tinkagona nyumba imodzi, ine ndi iwo, ndipo m'mamawa, chisanu chathu chija chikuluma zala, ndinkawamva akuchapa nsanza kuseri mwakachetechete.

Amene anaulula kwa anzanga akusukulu ndine. Palibe anandifunsa. Ndinkangofuna nanenso ndikhale ndi nkhani yoti anthu andimvetsere.

Loweruka lina tili pamzere pa mjigo, amayi aang'ono anatulukira ndi ndowa. Aka kanali koyamba kufika pagulu chibwerereni kuchipatala. Anali atasamba, atavala chitenje chawo cha pa Khirisimasi. Mnzanga wina anagwira mphuno, enanso anatsatira, akuseka chapansipansi. Amayi aang'ono anayang'ana ine. Ndinakweza dzanja, nanenso n'kugwira mphuno.

Anatembenuka ndi ndowa yawo yopanda madzi. Madzulo ake ananyamula mphasa yawo n'kukayala kukhitchini.

Amayi atamva sanandimenye, ngakhale mumtima ndinkalakalaka atandimenya. Ananditengera kudimba kukapalira kachewere.

"Iwenso unapingasa m'mimba mwangamu," anatero osandiyang'ana. "Kungoti unabadwa m'chilimwe, galimoto ya ansembe inafika mpaka pakhomo. Ikanakhala nthawi ya mvula, iwe sukanakhalapo, ndipo wochapa nsanza ndikanakhala ine."

Panapita zaka zisanu ndi chimodzi tisanamve zoti ku Lilongwe kuli madokotala osoka bala lam'kati loyambitsa vuto lotere. Amayi aang'ono anapita, anachira. Lero amagulitsa kabichi ndi tomato pa Chimbiya, ndipo amaseka ndi aliyense.

Ine ndinapepesa ndili kale ndi ana awiri. Ndinkayembekeza kuti anena kuti anaiwala.

"Unali mwana," anatero akusanja tomato. "Koma tsiku lija ndinalimba mtima chifukwa ndinakuona iwe pamzere. Ndinkati mwana wanga ali pomwepo, ndikangoima pafupi naye."

Tsopano ndikumvetsa kuti bala lawo linabwera ndi matope komanso kutalika kwa chipatala, ndipo pamenepo palibe chimene ndikanachita. Koma zaka zonse zimene anakhala osayandikira anthu, zina mwa izo ndinawapatsa ndine.