Shuga, Foni ndi Pakamwa pa Alamu Anga

Chizindikiro choyamba chinali ludzu. Munali mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndiye sindinadabwe nazo. Ndimagulitsa mbewu ndi feteleza pamsika wa Mitundu, ndipo nyengo imeneyo ndi imene alimi amadzadza m'sitolo. Ndinkakhala pampando kuyambira potsegula mpaka potseka, botolo la chakumwa chozizira lili pambali, likatha n'kuitanitsa lina. Kenaka kunabwera mutu wa kunkhongo, wolemera ngati ndasenza mtolo, ndi kukodza pafupipafupi. Ndikakwera minibasi ndinkafika pampando ndili wefuwefu.

Ndinali mayi wathupi, ndipo anthu ankandilemekeza nalo. Kumpingo ankati abambo akundisunga bwino. Amene ankakonda kwambiri mawu amenewa ndi alamu anga, mlongo wa amuna anga, amene amakhala ku Nathenje. Iwowa ali ndi malonda awoawo. Amathira madzi obiriwira m'mabotolo akale n'kumati amatsuka magazi. Madzi omwewo akuti amachiza nyamakazi, kusabereka, zilonda za m'mimba, ngakhalenso mwana wosakhoza m'kalasi. Atamva za mutu wanga anandibweretsera mabotolo awiri. Ndinamwa chifukwa cha ulemu wa pachibale, ndipo chimene ndinapezamo ndi kutsegula m'mimba basi.

Mvula yoyamba itagwa, maso anayamba kuchita nkhungu. Tsiku lina mlimi anandifunsa ngati mbewu imene ndinamupatsa inali yocha msanga. Ndinayang'ana papaketi koma zilembo zinkangosambira. Mawa lake amuna anga, bambo a Madalitso, ananditenga panjinga yamoto kupita kuchipatala.

Tinapeza mabenchi atadzaza kale. Tinkasuntha pang'onopang'ono, aliyense kabuku kake ka kuchipatala m'manja, mpaka dzuwa linafika pamutu. Namwino anandikweza pasikelo, anandimanga lamba pamkono, anandibaya chala, kenaka anandizunguliza tepi pamimba ngati telala. Anangoti ndibwerenso m'mawa ndisanadye kanthu. Ndinabwereranso, ndipo ananditumiza ku Lilongwe kukayezetsa mafuta a m'magazi. Zotsatira zinatenga nthawi, ndipo masiku odikirawo ndinkagulitsa mbewu mtima uli kwina.

Zonse zitakwana, dokotala anati: "Mayi, shuga wakwera, magazi akuthamanga kwambiri, mafuta m'magazi achuluka. Zitatuzi zimayendera limodzi ndi mimba yaikuluyi. Mukazilekerera, mapeto ake ndi kufa ziwalo kapena kuwonongeka impso."

Anandipatsa mapiritsi. Anandiuzanso kuti mapiritsi okha sangakwanitse, pakufunika kusintha kadyedwe ndi kugwiritsa ntchito thupi. Popeza sindikanatha kumatseka sitolo kawirikawiri, anandilembetsa m'gulu la odwala amene amalangizidwa kudzera pafoni. Mlangizi wathu anali a Tadala, wophunzira za zakudya, wokhala ku Lilongwe. Mawu awo pafoni anali a munthu wamsinkhu wa mwana wanga woyamba, ndipo poyamba ndinawaderera. Ndinkadzifunsa kuti munthu amene sanandionepo angadziwe chiyani za mimba yanga. Atandipempha kuti ndizijambula mbale yanga ndisanadye n'kuwatumizira, ndinaseka. Mayi wamkulu ngati ine kumajambula ndiwo.

Koma maso anali anga, choncho ndinajambula. A Tadala sankatchula zakudya za m'mabuku. Ankafunsa zimene zili pamsika wathu tsiku limenelo. Ufa woyera tinausiya n'kuyamba mgaiwa, ndipo mitanda inachepa. Theka la mbale linakhala la masamba: bonongwe, chisoso, nkhwani, mafuta ongodontheza. Nyemba ndi usipa zinalowa m'malo mwa kanyenya wa pamsika. Tiyi wopanda shuga ndinkamumwa nkhope itakwinyika kwa nthawi yaitali. Ankatumizanso timavidiyo toonetsa kudzuka ndi kukhala pampando mobwerezabwereza, ndi kunyamula mabotolo a madzi m'manja. Ndinkachita zimenezi kuseri kwa matumba a feteleza pamene kulibe ogula. M'mawa ndinkayenda mumsewu wa ku Malingunde mpaka thukuta lituluke. Netiweki ikavuta ankaimba tsiku lotsatira, sanadumphepo sabata.

Mu Febuluwale ndinadzipweteka. Ndinkayenda ndi patapata m'matope, ndipo kanthu kena kanandicheka pansi pa phazi. Sindinamve kupweteka kwenikweni. Ndinangozitchula pafoni mongodutsa, koma a Tadala anati ndijambule phazilo nthawi yomweyo. Ataona chithunzicho anati: "Tsekani sitolo mupite kuchipatala lero lomwe. Bala la munthu wa shuga silidikira mawa."

Ndinapita ndikung'ung'udza. Namwino anapeza kuti balalo layamba kale mafinya mkati. Analitsuka, anandipatsa mankhwala, ndipo ndinkapita kukamangitsa mpaka linapola chakumapeto kwa Malichi. Kuyambira pamenepo ndimayenda ndi nsapato zotseka, ndipo kuderera kwanga kunatha.

Pofika nthawi yokolola, zovala zinayamba kundikhuthukira. Apa ndi pamene pakamwa pa anthu panatseguka. Anthu omwe aja amene sanandifunsepo chifukwa chimene ndinkapumira mwabefu anasanduka madokotala. Amayi ena a kumpingo ankandipatsa moni wachisoni, mutu ataupendeketsa, ngati akupepesa maliro amene sanachitike. Ena ankati sitolo yagwa, tikugona ndi njala. Koma nkhani imene inayenda kwambiri inachokera ku Nathenje: akuti amuna anga andibweretsera kachilombo ndipo tikubisa. Ndili ndi anzanga amene amamwa mankhwala otalikitsa moyo, ndi anthu athanzi ndi aulemu wawo kuposa amiseche onsewa, ndipo akanakhala matenda amenewo sindikanachita nawo manyazi. Chimene chinandinyansa ndi kuona munthu akutola matenda a mnzake ngati ndiwo zodyera nkhani, komanso mlongo kumuipitsira mbiri mlongo wake chifukwa choti ndinasiya kumwa madzi ake obiriwira.

Bambo a Madalitso ndi mkulu wa mpingo, munthu wosalankhulalankhula. Nkhaniyo inafika mpaka kwa abusa, amene anawaitana n'kuwafunsa mozungulira ngati pali chimene akufuna kuulula asanapitirize kutumikira. Zimenezi ine ndinazimva kwa mayi busa patapita masiku. Ndinafuna kukwera minibasi ya ku Nathenje tsiku lomwelo. Amuna anga anandiletsa. M'mawa mwake ndikumanga nsapato ndinaona nawonso avala zawo.

Anati: "Ngati akufuna kuona woonda, aone awiri."

Kuyambira tsiku limenelo timayenda limodzi, kudutsa pamsika penipeni, pamaso pa okazinga tchipisi ndi oitanira minibasi. Anayambanso kudya zimene ndimadya ine. Atapita kukayezetsa anapezeka kuti nawonso magazi awo anali atayamba kukwera, ndipo vutolo linadziwika msanga. Abusa anabwera kudzapepesa. Amayi a moni wachisoni aja sanapepese, anangosintha nkhani, poti pamsika sipasowa wina womudya miseche.

Alamu anga nawonso sanapepese. Anachita china choposa pamenepo. Mu Ogasiti mayi wina wa ku Nathenje anabwera kudzagula mbewu ya dimba, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anandiuza kuti alamu anga amanditchula kwa aliyense wogula, amati onani mlamu wanga wa ku Mitundu, anali pafupi kufa, mabotolo awiri okha anamuimika. Munthu yemweyo amene anandiika m'manda ndi pakamwa ndi amene akugulitsira malonda thupi langa. Ndinamuuza mayiyo zimene mabotolowo anandichita, osabisa kanthu, ogula onse akumva. Popeza nayenso ankadandaula mutu, ndinamuuzanso kuti aupititse kuchipatala.

Tsopano chaka chadutsa. Mapiritsi ndikumwabe, ndipo dokotala anandiuza kuti matendawa satha, amangogonekedwa. Komabe shuga watsika, magazi akuyenda bwino, ndipo paulendo wapitawu anandichepetsera mankhwala amodzi. Zilembo za papaketi ndimawerenga popanda kufinya maso. Thumba la mbewu ndimanyamula ndekha. Masiku ena ndimalephera, makamaka paukwati, ndipo ndimawauza a Tadala zoona. Sanditukwana, amangofunsa kuti mawa tiyambira pati. Mpaka lero sitinaonanepo maso ndi maso.

Kwa inu amene mukumva ludzu losatha, mutu wa kunkhongo, kapena kutopa kopanda ntchito, pitani mukayezetse pamene mukuyenda ndi miyendo yanu. Mwezi watha pamzere wa kuchipatala ndinakhala pafupi ndi bambo wina wa kufupi ndi Dzalanyama, mlimi wa fodya, wamng'ono kwa ine. Anamubweretsa pangolo, mbali imodzi ya thupi itafa, pakamwa patapotoka. Mkazi wake ndi amene ankamuyankhira mafunso a namwino. Anandiuza kuti mutu unayamba zaka ziwiri zapitazo, koma aliyense pamudzi ankati bamboyo akuoneka bwino. Mwa onse amene ankanena zimenezo, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera kudzathandiza kumutsitsa pangolopo.