Nsapato za Mtedza wa Mbewu

Mpaka lero ndikalowa m'sitolo yogulitsa nsapato, fungo lija la pulasitiki watsopano ndi guluu limandipsetsa mtima ndisanakumbukire n'komwe chifukwa chake. Limandibwezera kwathu, kuseri kwa Nsaru, m'chilimwe cha chaka chimene ndinali mu Sitandade 4. M'khitchini ya amayi munkanunkhira utsi ndi mtedza wouma. Kudenga, pamwamba penipeni pa mafuwa, kunkalendewera thumba la mtedza wa mbewu, wosaswa, lodetsedwa ndi mwaye. Makoswe ankaliopa thumbalo, koma ife ana tinkaliopa kuposa makoswewo. Amayi ankatha kukukhululukira utaswa mbale kapena kutayira mchere paphulusa, koma kungolowetsa chala pa kabowo ka thumbalo unali mlandu wogona nawo ndi njala. Ankati wodya mbewu wadya chaka chamawa.

Bambo anali ku esiteti ya fodya ku Kasungu ndipo ankabwera mwa apo ndi apo. Chimene chinkayendetsa pakhomo pathu chinali mtedza wa amayi. Nsinjiro za m'ndiwo, sopo, makope anga a kusukulu, ngakhale chopereka cha Lamulungu, zonse zinkachokera m'munda umodzi wa kumunsi kwa chulu.

Chilimwe chimenecho kunabwera atsibweni a Gelesomu, alongo awo a amayi. Iwo ankagwira ntchito yothirira maluwa pa malo ena ogona alendo kunyanja, ndipo akabwera kumudzi ankayenda ngati nyanjayo anaikumba okha. Anakhala pakhonde n'kuyamba kufotokoza kuti bwana wawo, mzungu wa ku Italiya, anamanga mudzi wathunthu wofanana ndi wa kwawo. Nyumba zake zinali zachikasu, zapinki ndi zobiriwira, zosanjikizana pamatanthwe mpaka kufika m'madzi. Kenako anatula nkhani imene anabwerera. Bwanayo ankafuna kuti ana a kwaya ya Sande sukulu ya pa tchalitchi chathu apite akatsuke m'maso.

"Mukupita ngati alendo, mwamva? Alendo okaona malo," anatero atsibweni. "Mukakhala pamipando, mukamwa za m'botolo, mukasambira."

Za kuimba anazitchula kumapeto kwenikweni, ngati munthu wokumbukira kuti anaiwala kutseka khola la nkhuku. Anati mwina tikaimbako nyimbo imodzi kapena ziwiri zothokoza.

Ine mtima unali dyokodyoko. Amayi sanayang'ane nkhope yanga, anayang'ana mapazi. Anali mapazi a mwana wa kwathu m'chilimwe: otuwa, zala zotambasuka, zidendene zong'aluka zoti n'kubisamo njere ya mapira. Sindinkadziwa kuti mapazi angakhale chinthu chochititsa manyazi, pakuti m'kalasi mwathu ovala nsapato anali ana a aphunzitsi okha. Madzulo a tsikulo ndinaona amayi akukwera pa mtondo n'kumasula thumba lija kudenga. A Nabanda, oyandikana nafe nyumba, anawapeza akulipukuta mwaye ndipo anawakumbutsa kuti mvula ili pakhomo. Amayi anayankha kuti mbewu adzaipeza ndi ganyu, koma mwana wawo sakaima pakati pa anthu a kunja ngati wochokera kotola nkhuni. Amayi akanena chinthu sankabwereza.

Tinauswa mtedzawo tonse awiri mpaka zala kuwawa. Unali wonenepa, wofiira, wosankhidwa umodziumodzi, ndipo ngakhale tsikulo sanandilole kuponya m'kamwa ndi umodzi womwe. Tsiku la msika tinausenza kupita ku Nsaru. Wavenda anauthira pa mulu wa mtedza wina wamba, wofota ndi wofumbwa, osayang'ana n'komwe kuti ukusiyana. Pobwerera ndinanyamula nsapato zakuda za lamba, zokulirapo pang'ono kuti ndikule nazo. Kunyumba ankandilola kuziyesa pamphasa pokha. Ndinkagona nazo kumutu, ndipo ndikadzidzimuka ndinkazinunkhiza.

M'mawa wa ulendo amayi anandikwecha zidendene ndi mwala, anandidzoza mafuta, n'kundipatsa nsapatozo m'kajumbo. Anandilamula kuti ndisavale mu lole, fumbi la m'njira lisazione. Ndikavale tikafika.

Lole inatikhutchumula m'mabampu mpaka pa tala, tinadutsa mu Lilongwe tikuimba, kenako tinayamba kutsetsereka kulowa m'dziko lotentha la milambe. Titakhota pa phiri lina, mnzanga wina anakuwa, tonse tinaimirira. Atsibweni sananame pa chimodzi ichi. Mudziwo unali wokongola moti ndinaiwala kutseka pakamwa. Nyumba zopakidwa mitundu zinakwerana pamwala, mawindo ake ali ndi timakomo tamatabwa tobiriwira, maluwa ofiirira akugwera pamakoma, pakati pali nsanja ya belu, ndipo kuseri kwake madzi ankanyezimira mpaka kumene maso amathera. Ndinavomereza mumtima kuti mtedza wa amayi sunapite pachabe.

Lole sinaime pa geti lalikulu la maluwa. Inalipitirira, inazungulira mpanda, n'kukalowera kumene kunali migolo ya zinyalala ndi jenereta. Atsibweni anatilandira atavala ovolosi yobiriwira ndi majombo, ndipo kuno sankayenda ngati mwini nyanja. Anatiimika kuseri kwa khitchini. Ine ndinakhala msanga pa simenti, ndinapukuta mapazi ndi mpendero wa diresi, n'kuvala nsapato zanga. Ndinaimirira. Nsapatozo zinalira pang'ono, ndipo anzanga onse anatembenuka.

Pa kampata ka pakati pa nyumba ziwiri ndinasuzumira mkati mwa mudziwo. Panali timisewu topapatiza ta masitepe, ndipo pamwamba pake panadutsa zingwe zoyanikapo zovala. Zovalazo zinali zitasuluka ndi dzuwa mbali imodzi. Ndinafunsa atsibweni kuti eni ake saanula bwanji, iwo anati zilibe eni, anangoziika kuti pazioneka bwino. Mabwato opakidwa penti anali pamchenga opanda ukonde, ndipo pansi pa nsanja ya belu panalibe tchalitchi, panali malo ogulitsira mowa.

Kenako kunatulukira mayi wina, Mmalawi mnzathu, wovala siketi yothina, makiyi ambiri ali m'manja. Sanatipatse moni. Anatiyang'ana monga amayi ankayang'anira nkhuku pamsika, ndipo maso ake anaima pa mapazi a ife ochepa amene tinavala nsapato. Anauza atsibweni kuti alendo analipira kuti aone ana enieni a kumudzi, osati ana a sukulu za m'tauni. Nsapato zivulidwe, ndipo atsikana amange zitenje zimene wabweretsa pamwamba pa madiresi awo.

Anzanga anavula. Ine ndinakana. Ndinanena kuti amayi anati ndivale tikafika, ndipo tafika. Mayiyo anangoyang'ana atsibweni. Ndipo atsibweni anga, alongo awo a amayi, munthu amene kwathu akalankhula mbumba yonse inkakhala chete, anagwada pa simenti n'kundimasula malamba ndi manja awo.

"Usandichititse manyazi, Esime," ananong'ona. "Kanthawi kochepa chabe."

Anaziponya m'katoni ya mabotolo pafupi ndi khomo la khitchini. Ndinali ndisanayende nazo ngakhale kuchokera pakhonde kukafika pankhokwe.

Anatiimika pa bwalo la pakati pa mudziwo, loyalidwa miyala yakuda yosalala, dzuwa lili pamutu. Alendo enieniwo anakhala m'mphepete, pansi pa maambulera, matambula ali ndi madzi oundana. Tisanayambe, atsibweni anathamanga ndi kheni yawo yothirira maluwa n'kukhuthulira madzi pamene tinkaima. Mayi wa makiyi uja anawakalipira pamaso pa aliyense kuti alendo aterereka, ndipo iwo anabwerera chammbuyo akupepesa. Madziwo anauma tisanamalize ndime yoyamba.

Ife tinakulira pa dothi lotentha, koma miyala ija inali ngati chiwaya. Tinayamba kusinthanitsa mapazi, uku tikuimba nyimbo ya m'buku imene kwathu tinkaimba titaima njo, manja kumbuyo. Kenako tinayamba kudumphadumpha. Alendo anaomba m'manja. Ankayesa ndi gule. Makamera anatuluka, ndipo mayi wina wachizungu anadzuka n'kuyamba kudumpha motitsanzira, akuseka, atavala nsapato zake zoyera. Aphunzitsi athu a Sande sukulu anapitiriza kutiimbitsa ali pa mthunzi wa khoma. Tikamaliza nyimbo ina, alendo ankapempha ina. Kamnyamata kena kanayamba kulira kakuimba, ndipo alendo anakajambula pafupi kwambiri.

Mipando sitinaione. Anatibwezera kuseri kwa khitchini, natipatsa buledi ndi madzi ofiira a shuga m'makapu a pulasitiki. Nyanja tinkaionera pa kampata kaja, kachidutswa kake kochepa ngati mpango wa m'manja. Wina atafunsa za kusambira, anatiuza kuti kumchenga n'kwa alendo okha. Ndinafunsa mokweza kuti nanga ife si alendo kodi. Atsibweni anapeza maluwa oti akathirire.

Nsapato ndinazipeza m'katoni muja, koma sizikanalowanso. Pansi pa mapazi anga panali patatuluka matuza.

Titafika kwathu, amayi anali pamsewu ndi amayi ena, a Nabanda ali pomwepo. Ndinatsika lole ndikuyendera m'mbali mwa mapazi, nsapato zili m'manja. Amayi sanandifunse za nyanja. Analandira nsapatozo n'kuzitembenuza. Kunsi kwake kunali kosalala, koyera, kapepala ka mtengo kakadali pomwepo. Kenako anagwada n'kunditukula phazi.

"Anakuona ndani utavala?"

"Atsibweni," ndinatero.

Amayi anadzuka, tinanyamuka. Kunyumba anandiviika mapazi m'madzi a mchere, ndipo ndinawafotokozera zonse, ndikulira ndi ukali osati ndi ululu. Anamvetsera mpaka kumapeto, mano ataluma. Atamaliza kundimanga tinsanza, anatuluka n'kuyamba kuwaza nkhuni zimene zinali zowaza kale.

Mvula inagwa matuza asanapole bwino. Mudzi wonse unatuluka ndi mbale za mbewu, koma amayi anapita kukapalira m'munda wa eni kuti awalipire mtedza. Aliyense anali atadzala kale wake, ndipo umene anawapatsa unali wotsalira, wofota, wosakwana ndi mizere ya m'mphepete mwa chulu yomwe. Munda wonsewo unamera chisoso ndi bonongwe. Ndinkadutsa pomwepo popita kusukulu, nsapato zanga zili kumapazi, pakuti amayi analamula kuti ndizivala tsiku lililonse, kaya kuli matope kaya kulibe. Ndinkadana nako kulira kwake.

Pa Khirisimasi atsibweni anabwera ndi shuga ndi buledi, akuseka kuyambira kumsewu. Anati alendo anasangalala kwambiri, ndipo bwana akufuna kuti chaka chamawa tidzapitenso. Amayi anawalandira mwaulemu wonse. Anawapatsa madzi osamba m'manja atagwada, n'kuwaikira chakudya. Kwathu mlendo ngati ameneyo ankaphikiridwa nkhwani wotendera, ndipo atsibweni ankaukonda kuposa nyama. Atavundukula mbale anapeza masamba owiritsa ndi mchere basi. Anaseka, nafunsa ngati nsinjiro zatha m'dziko muno.

"Mtedza unapita kukaona Italiya, achimwene," anatero amayi. "Sunabwereko. Idyani."

Atsibweni anayang'ana mbale, anayang'ana mapazi anga. Anadya masamba onsewo osakweza mutu, ndipo anabwerera kunyanja m'mawa mwake. Kwaya yathu sinapitenso.

Ndili mwana, mkwiyo wanga wonse unali pa manja amene anamasula malamba aja. Kwa zaka zambiri atsibweni ndinkangowapatsa moni wa pakamwa. Za kheni ya madzi ndinazikumbukira nditakula, nditagwirako ntchito pansi pa anthu amene amangokuyang'ana iwe n'kugwada. Atsibweni ankaidziwa miyala ija, ankaipondaponda tsiku ndi tsiku ndi majombo, ndipo madzi a m'kheni ndi zokhazo zimene anali nazo. Sindikunena kuti ndinawakhululukira zonse, pakuti anadziwa kuyambira pakhonde pathu kuti sitikupita ngati alendo. Koma mkwiyo waukulu tsopano uli pa anthu amene anakhala pamthunzi, mapazi awo ali m'nsapato, n'kuona ana akupsa osazindikira. Kwinakwake kutsidya kwa nyanja ya mchere, mwina m'mudzi weniweni wa nyumba zachikasu, muli chithunzi cha kamtsikana ka ku Nsaru kali m'malere, kopanda nsapato, pakamwa pali yasa, ndipo amene amachionetsa amati kankavina. Nsapato za kamtsikanako zinali m'katoni ya mabotolo kuseri kwa khitchini, ndipo chaka chimenecho kwawo anadya ndiwo zosatendera mpaka kukolola kwina.